PULOGALAMU YA PA KOMPYUTA NAYO ILEMBE MAYESO

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe amagwira ntchito yoyesa mapulogalamu a pa kompyuta, adayankhula pa msonkhano wa ophunzira akale ku Chiponde. Tawasindikiza kuti amene sadafike nawonso amve. Mkonzi)



Ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu a pa kompyuta asanaperekedwe kwa anthu oti aziwagwiritsa ntchito. Sindilemba mapulogalamu ayi, alipo anzathu odziwa zimenezo. Ine ndimakhala pansi ndi pulogalamu imene iwo amaliza, n'kumaiponyera mafunso monga momwe a MANEB ankatichitira ife, kufikira itaulula pamene ili yofooka. Ena mwa inu mudabwa kuti munthu angalandirepo malipiro pa ntchito yongopeza zolakwa za anzake. Musadabwe, aphunzitsi athu ali apawa adaigwira ntchito imeneyi zaka zambiri ndi cholembera chofiira.

Nkhani iyi siyakutali ndi Chiponde. Pa chipata pathupa, lole yochokera ku Mandimba siwoloka mpaka katundu wake atalowetsedwa mu kompyuta. Bungwe lotolera misonkho la MRA, lomwe lidayamba ntchito m'chaka cha 2000, limagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa ASYCUDA yomwe idapangidwa ndi nthambi ya United Nations yoona zamalonda, UNCTAD, ndipo kuyambira 2016 lidasamukira ku mtundu wake watsopano wa ASYCUDA World. M'chaka cha 2017 tonse tidafola pa mzere kujambulitsa ziphaso za unzika, ndipo anthu oposa 9 miliyoni adalembedwa ndi makina oyendera mphamvu ya dzuwa. Ndalama za fizi masiku ano timatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Izi ndi za mabungwe akuluakulu, ndipo iwo ali ndi anthu awo owayesera. Nkhawa yanga ili pa inu. Ndikayang'ana muno ndikuona apampando a makopaletivi, asungichuma a ma SACCO, akomiti a sukulu ndi a zipatala, eni magolosale ndi olipirira anthu katundu pa chipata. Tsiku lina, ngati silinafike kale, kudzabwera mnyamata waulemu ndi kompyuta ya m'manja. Adzakuonetsani pulogalamu yake kwa theka la ola, zonse zidzayenda bwinobwino, mudzaomba m'manja, ndipo msungichuma adzasaina cheke. Kumeneko ndi kuonetsa, si kuyesa. Woonetsa amayenda m'njira imene adalambula yekha, ndipo amadziwa pamene pali chitsa.

Kodi pulogalamu ikalakwitsa amalangidwa ndani? Ndikuuzeni za ku Britain, dziko limene tinkaliyesa losalakwa. M'chaka cha 1999 a Post Office kumeneko adayamba kuika m'mapositi ofesi pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Posakhalitsa pulogalamuyo idayamba kuonetsa kuti m'mapositi ofesi ena ndalama zaperewera. Oyendetsa mapositi ofesiwo adalumbira kuti sadabe, koma akuluakulu adakhulupirira kompyuta. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 adaimbidwa milandu. Ena adalowa m'ndende, ena adagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sadatenge, ena adamwalira mayina awo asadayeretsedwe. Mpaka mu Disembala 2019 ndi pamene bwalo lalikulu la milandu, pa mlandu umene adasuma anthu 555 motsogozedwa ndi a Alan Bates, lidagamula kuti pulogalamuyo idali ndi zolakwika zotha kubweretsa kuperewera kwabodza. Zaka 20 zathunthu! Tsono ngati zidatheka ku London, ganizirani za mtsikana amene mwamulemba ukalaliki pa K150,000 pa mwezi, kompyuta n'kunena kuti m'kabati mwasowa K400,000. Adzamumvera ndani? Kuno kwathu ndiye nkhani imafika ku polisi dzuwa lisanalowe.

Chimene ndabwera kudzanena ndi chimodzi. Kuyesa pulogalamu kumayambira pa pepala, kompyuta isanayatsidwe, ndipo pepalalo lilembedwe ndi anthu odziwa malo amene pulogalamuyo ikagwire ntchito.

Kumbukirani momwe mayeso athu ankakonzedwera. Wokonza mayeso ankayamba waona silabasi, n'kusankha mitu yofunika, n'kulemba mafunso, kenaka n'kulemba mayankho ake ndi malikisi a funso lililonse. Zonsezi zinkachitika ife tisadalowe m'chipinda. Palibe wochonga amene ankayamba waona chimene mwana walemba kenaka n'kumaganiza kuti yankho loyenera likhale lotani. Koma izi ndi zimene anthu ambiri amachita ndi kompyuta. Amalowetsa manambala, kompyuta n'kutulutsa yankho, iwo n'kugwedeza mutu kuti zikuoneka ngati zoona. Nambala yolembedwa pa galasi la kompyuta imaoneka yaulemu kwambiri, ndipo munthu amene alibe yankho lake m'manja amangoivomera.

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi kuno ikufuna pulogalamu yogulira nandolo: kulemba mlimi, kulemba makilogalamu, kuchotsa ngongole ya feteleza, kulipira pa foni, ndi kutulutsa lipoti kumapeto kwa tsiku. Choyamba komiti ikhale pansi ndi kalaliki ndi woyeza pa sikelo, alembe m'Chichewa chomveka chilichonse chimene pulogalamuyo iyenera kuchita. Mudzaona zodabwitsa. Wina adzati kulemera kwa thumba lopanda kanthu timachotsa, wina adzati sitichotsa. Wina adzati mtengo amasintha ndi wapampando, wina adzati ndi manijala. Mikangano imeneyi ndi yabwino, ithereni pomwepo, pakuti chimene inu eni simudagwirizane wolemba pulogalamu adangochiganizira yekha ali ku Blantyre, ndipo sadakuuzeni. Pa pepala lomwelo mulembenso zimene simuyesa ulendo uno, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti ndimayesa mudaziona.

Simungayese zonse, ngakhale mutapatsidwa chaka. Choncho musankhe, ndipo posankha mufunse kuti chikalakwika ichi alira ndani, ndipo alira motani. Mtundu wa zilembo ukakhala wosakongola palibe amene agona ndi njala. Koma kuwerengera ndalama, kusunga zolembedwa kuti zisasowe, ndi nkhani ya amene ali ndi mphamvu yosintha kapena kufufuta, izi zikhale patsogolo ndipo zidye nthawi yambiri. Pa mfundo yofufutayi Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa ndi alendo. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu Sepitembala 2013, ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka m'miyezi 6 yokha, ndipo njira imodzi idali yolowetsa malipiro mu pulogalamu ya boma ya IFMIS, cheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zolembedwazo. Ndiye pa mayeso anu pakhale funso ili: kalaliki alowe ndi nambala yake yachinsinsi, ayese kufufuta lisiti ya dzulo. Yankho loyenera ndi lakuti pulogalamu ikane. Manijala akafufuta, patsale chizindikiro chosonyeza dzina lake, tsiku ndi ola.

Funso lililonse la mayeso likhale ndi zinthu zinayi pa mzere umodzi wa m'kope: nambala yake, chimene woyesa achite, yankho loyembekezeka, ndi malo opanda kanthu olembapo chimene chatulukadi. Mwachitsanzo, mlimi wabweretsa makilogalamu 50, mtengo ndi K1,200 pa kilogalamu, kopaletivi imadula 2 peresenti. Tengani pensulo: K60,000 kuchotsa K1,200, atenge K58,800. Lembani K58,800 musanakhudze kompyuta. Limenelo ndi funso lofewa, ndipo pulogalamu iliyonse imakhoza. Tsopano lembani lovuta. Mlimi yemweyo ali ndi ngongole ya K70,000. Kodi pulogalamu itani? Imulipire ziro n'kusunga ngongole yotsala ya K11,200, kapena iyese kutumiza ndalama zopanda mutu pa foni yake? Nanga kalaliki akalemba makilogalamu 0? Akalemba 5,000 m'malo mwa 50, kodi pulogalamu imufunsa kuti mukutsimikiza? Akadina kawiri batani lolipira chifukwa netiweki ikuchedwa, mlimi alandira kamodzi kapena kawiri? Ngati lamulo lanu likuti wobweretsa makilogalamu 500 kapena kuposerapo alandire bonasi, musataye nthawi kuyesa 200 ndi 300 ndi 800. Yesani 499, 500 ndi 501. Zolakwa zimakonda kubisala m'malire, ndipo anthu a ku Chiponde sindikuuzani zachilendo pamenepa.

Katswiri wina wa ku America, Glenford Myers, adalemba buku la ntchito imeneyi m'chaka cha 1979, ndipo mfundo yake yaikulu idali yakuti woyesa azikhala pansi ndi cholinga chopeza cholakwa, osati chotsimikiza kuti zonse zili bwino. Tsiku limene woyesa wapeza zolakwa 10 ndi tsiku limene wagwira ntchito. Izi zimavuta pa chikhalidwe chathu, chifukwa tidaleredwa kuti tisamachititse mnzathu manyazi pa gulu. Koma ulemu umenewo udzalipiridwa ndi kalaliki uja.

Tsopano ndifike pa zimene munthu wa ku Lilongwe kapena wa ku India sangazilote, koma inu mumazidziwa. Yambani ndi mayina. Kuno kuli a M'bwana ndi a Ng'oma, mayina okhala ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja, ndipo mapulogalamu olembedwa mosasamala amatsamwa nako: ena amakana dzinalo, ena amalidula pakati, ena amangozima. Alimi ena ndi abale athu a tsidya ilo, a João ndi a Conceição, ndipo zilembo zawo zimatuluka pa lisiti ngati mapazi a nkhuku. M'mudzi umodzi kwa Jalasi kapena kwa Katuli mungapezeke anthu atatu a dzina limodzi ndi bambo a dzina limodzi. Kodi pulogalamu iwasiyanitsa bwanji, kapena ipereka ngongole ya uyu kwa uyo? Munthu mmodzi yemweyo lero alembedwa Saidi, mawa Sayidi. Agogo ambiri sadziwa tsiku lobadwa, amangoti chaka cha njala ya 1949. Pulogalamu yokakamiza tsiku, mwezi ndi chaka imaphunzitsa kalaliki kunama.

Manambala a foni nawo ali ndi nkhani. Athu ambiri amayamba ndi 088 kapena 099 ndipo tikamalemba amakhala manambala 10. A ku Mozambique amakhala 9, amayamba ndi 8, opanda ziro kutsogolo, ndipo nambala ya dziko lawo ndi 258 pamene yathu ndi 265. Mlimi wa m'malire amene foni yake ili ndi khadi ya Movitel, pulogalamu imulandira kapena imukana? Chilichonse mwa ziwirizi chingakhale cholondola, koma musankhe inu, mulembe, ndipo muyese.

Choopsa kwambiri ndi kalembedwe ka manambala. Ife timalemba 1,500.00, mpumiro patsogolo, kadontho pambuyo. Anzathu olemba Chipwitikizi amatembenuza: 1.500,00. Pepala lochokera ku Lichinga kapena ku Cuamba likanena 1.500 likutanthauza 1,500, koma pulogalamu yoikidwa m'Chingerezi ingawerenge kuti ndi imodzi ndi theka. Kalaliki amene adaphunzira ku Mandimba akalemba makilogalamu 12,5 kutanthauza 12 ndi theka, pulogalamu ina imataya mpumirowo n'kuwerenga 125. Pa mtengo wathu uja, kusiyana kwake ndi K15,000 ndi K150,000. Pa chionetsero cha theka la ola cholakwa ichi sichidzaoneka, chifukwa woonetsayo sadayambe walembapo nambala m'njira imeneyo chibadwire. Ngati mumalandira metical, yesaninso kusintha mtengo wosinthira ndalama, kenaka mutsegule malisiti a sabata yatha. Ayenera kukhala monga adaliri. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, ndipo pulogalamu imene imawerengeranso zakale ndi mtengo watsopano ingasokoneze mabuku a chaka chonse.

Za masiku ndingodutsa mwachangu. Chaka cha boma cha zachuma chidali kuyamba pa 1 Julayi, koma kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo, ndiye onani kuti lipoti la pachaka likudula pati. Sinthani tsiku la pa kompyuta likhale 31 Disembala, kenaka 29 Febuluwale 2028. Musaseke: pa 29 Febuluwale 2024 mapampu ambiri odzithirira petulo ku New Zealand adakana kulandira makhadi a ku banki kwa maola ambiri, chifukwa pulogalamu yake sinkalidziwa tsikulo.

Mayeso achitikire kuno, pa kompyuta kapena foni yomweyo imene kalaliki azidzagwiritsa ntchito, pa tebulo lomwelo. Pulogalamu imene imathamanga mu ofesi ya ku Blantyre ingakwawe ikakwera mapiri a Namwera. Ndipo pa pepala lanu mulembe mafunso a magetsi ndi netiweki, chifukwa amenewa sabwera okha pa tsiku la mayeso. Kalaliki ali pakati polemba lisiti, wina azule waya ku khoma. Magetsi akabwerera, lisitiyo ilipo yathunthu, kapena palibiretu, kapena ilipo theka, ndalama zatuluka koma makilogalamu sadalembedwe? Yachitatuyi ndiyo imamangitsa anthu. Zimitsani netiweki kwa ola limodzi, gulani nandolo kwa alimi 20 ongopeka, yatsaninso, muwerenge ngati onse 20 afika. Foni za kuno nthawi zina zimadumphira pa netiweki ya tsidya ilo mwini wake osadziwa, nazonso muziyese. Ndati alimi ongopeka dala. Musatenge kaundula weniweni wa anthu, ndi manambala a ziphaso zawo ndi ngongole zawo, n'kumupatsa mlendo kuti ayesere. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta, komanso ngakhale popanda lamulo, ngongole ya munthu si nkhani ya pa msika.

Ayese ndani? Asakhale amene adalemba pulogalamuyo. Sindikuti ndi wachinyengo, koma maso ake adazolowera, monga momwe ife tinkalephera kuona cholakwa mu chimangirizo chathu chomwe ngakhale titawerenga katatu. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ayese kalaliki, woyeza pa sikelo, msungichuma, ndi munthu mmodzi amene amaopa kompyuta, pakuti ameneyo amadina pamene wina aliyense sangadine. Mudzamva kuti masiku ano kuli mapulogalamu oyesa mapulogalamu anzawo popanda munthu. Alipodi, ndipo ndi othandiza pobwereza mafunso omwewomwewo kambirimbiri. Koma makina amayankha chokhacho chimene afunsidwa. Sangakuuzeni kuti zilembo sizikuoneka pa dzuwa la Okotobala, kuti batani lofufuta lagundana ndi losunga, kapena kuti uthenga wopita kwa mlimi uli m'Chingerezi pamene iye amamva Chiyao. Choncho mukamaliza mafunso olembedwa, mupatseni woyesa aliyense ola limodzi loti angoyendayenda mu pulogalamu momwe afunira, akulemba chilichonse chomudabwitsa.

Nthawi muiwerengere ndi masamu, osati ndi chiyembekezo. Mafunso 120, lililonse mphindi 10, ndi maola 20. Munthu woyesa mosamala sapitirira maola 5 pa tsiku maso asadatope, ndiye amenewo ndi masiku 4. Koma umenewo ndi ulendo woyamba chabe. Zolakwa zikapezeka zipita kokakonzedwa, zikabwera muyesenso, osati pokonzedwa pokhapo koma ndi mafunso onse a ndalama, chifukwa wosoka chigamba apa amang'amba apo. Ine ndimawerengera maulendo atatu, ndi masiku odikira pakati pake. Kunena zoona, mwezi wathunthu. Ndipo mweziwo usakhale wa pakati pa msika wa nandolo, alimi ali pa mzere ndi njinga zawo. Chimene ndachiona kawirikawiri pa ntchito yanga n'chakuti olemba pulogalamu akachedwa ndi masabata atatu, tsiku lotsegulira silisuntha chifukwa mlendo wolemekezeka adaitanidwa kale, ndiye masabata atatuwo amadulidwa ku mayeso. Akomiti, kanani zimenezo. Mlendo wolemekezeka akadya mpunga wake amapita, pulogalamu imatsala ndi inu.

Zolakwa zilembedwe m'kope limodzi, losungidwa ndi munthu mmodzi. Kunena kuti kompyuta ikuvuta sikuthandiza aliyense, ndipo uthenga wodutsa m'kamwa mwa anthu atatu umafika utasanduka wina. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Lembani chimene mudachita mwatsatanetsatane, chimene mumayembekeza, chimene chidatuluka, tsiku ndi ola, ndipo jambulani galasilo ndi foni. Kenaka komiti iike cholakwa chilichonse m'gulu lake: choimitsa ntchito, chovutitsa koma chopiririka, kapena chongonyansa m'maso.

Chotsiriza choti chilembedwe mayeso asadayambe ndi malikisi okhozera. Gwirizanani ndi wogulitsayo, ndipo zilowe mu mgwirizano wosainirana, kuti pulogalamu idzalandiridwa pokhapokha mafunso onse a ndalama atakhozedwa, popanda cholakwa choimitsa ntchito chotsala, ndipo zopiririka zisapitirire nambala imene mwagwirizana. Gawo lomaliza la malipiro ake, kaya ndi 30 peresenti, lidikire tsiku limenelo. Mukagwirizana izi pambuyo pa mayeso mudzakangana, chifukwa aliyense adzakokera kwake. Ikalandiridwa, musataye msanga buku lija la chikuto cholimba. Kwa mwezi umodzi kalaliki azilemba m'buku ndi mu kompyuta momwe, ndipo madzulo aliwonse msungichuma afananize ziwirizo n'kusaina. Zikasiyana ngakhale ndi K50, asagone asadapeze kuti yalakwa ndi iti.

A Wapampando, ndabweretsa mapepala 30 a chitsanzo cha kope la mafunso ndi la zolakwa, ali pa tebulo la alembi pakhomopo. Amene ali m'makomiti ayambe ndiwo kutenga. Ndaona amayi a kukhitchini akusuzumira kachiwiri, ndiye mafunso tiyankhane tikudya.